Chitseko cha Chimbudzi Changa

Ndinaphunzira kuwerenga mano atayamba kale kugweluka. Profesora wathu wa sukulu ya akuluakulu anali wamng'ono kwa mwana wanga wachitatu, ndipo ankatiimbitsa a, e, i, o, u ngati anapiye. Anzanga ankangofuna kudziwa kusaina pa pepala la fodya. Ine zilembo zitalowa m'mutu ndinagwidwa matenda owerenga chilichonse: thumba la feteleza, malaya a anthu, kumbuyo kwa chapa, maminibasi athu aja. Tsiku lina pamsika ndinatsatira mayi wina ndikuwerenga chitenje chake, mpaka mwamuna wake anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Akazi anga anati ndizikawerengera kopanda anthu. Choncho ndinayamba kupita ku mseu wakale wa ku Furancungo, kumene kunali makantina ndi nyumba zosungiramo chimanga. Moyo wonse unasamukira kumene chapa zimaima. Kumtunda kuja kunatsala makoma, mbuzi ndi fungo.

Ndinalowa koyamba m'nyumba yaikulu ya chimanga. Denga linapita kalekale, pakati pamera mpapaya, ndipo pakona pali sikelo yadzimbiri imene inapulumuka chifukwa cholemera. Pakhoma lakunja ndinawerenga pang'onopang'ono ndi chala m'mwamba: ARMAZÉM, ndiye kuti mosungira katundu. Pansi pake panali mzere wina: PROIBIDO URINAR AQUI. Ndinaseka ndekha. Khoma limenelo ndalikodzera kuyambira ndili mnyamata, ilo likundiletsa zaka zonsezi ine osamva. Tsiku limenelo ndinalipatsa ulemu, ndinazungulira kukakodzera kuseri.

M'kantina ya mzungu munali mileme yokhayokha ndi chithunzi cha botolo chofufutika. Kenako ndinafika pachigayo. Injini anaizula, panatsala simenti ndi mabawuti anayi oloza kumwamba. Pamwamba pa khomo panali malo oyera a makona anayi ndi mabowo a misomali. Apo panalibe chowerenga, ndipo ndinkadziwa chifukwa chake. Chikwangwani chake ndinachotsa ndine.

Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, aliyense anatola chimene anatha. Ena malata, ena mafelemu. Ngakhale katekisita wathu ananyamula windo, akuimba nyimbo ya Mulungu. Ine ndinachedwa, ndinangopeza chikwangwani chachitsulo cha pachigayo. Chinakwana bwinobwino pakhomo la chimbudzi changa. Zilembo ndinazilozetsa mkati kuti odutsa asazindikire, ndipo mkatimo ndi mwamdima, munthu salowamo kukawerenga.

Nditachoka pachigayo tsiku lija ndinafikira kumasula chitsekocho, ndi kuchiika padzuwa. MOAGEM, ndiye kuti chigayo, zilembo zazikulu zofiira. Pakona ya m'munsi panali tizilembo tating'ono timene kale ndinkayesa maluwa okongoletsera. Ndinatiwerenga katatu. Linali dzina la mnzanga.

Mnzangayo tinkaweta naye mbuzi tili ana. Iye anapita kusukulu ya mishoni, ine ndinatsala ndi mbuzi. Atakula ndiye ankalemba zikwangwani zonse za mseu uja, ine ndinkamugwirira makwerero ndi kumutakasira tinta, penti yolembera ija, ndi kamtengo. Sanandiuzepo kuti amasiya dzina lake pakona.

M'mawa wina anthu a mfuti anatisonkhanitsa pansi pa mango. Ankafuna munthu wolemba, amene ankati amalemba mayina a anthu kupereka ku boma. Mmodzi anaona tinta m'zikhadabo zanga, anandigunda ndi mfuti pachifuwa.

"Iwe, umalemba?"

"Ayi, bwana. Ine ndimangotakasa. Amalemba ndi uyo."

Ndinaloza ndi chala chomwecho cha tinta. Anamusenzetsa thumba la chimanga, analowa naye kuthengo, sanabwerenso. Titabwerera kwathu, abale ake anaika m'manda thunthu la nthochi m'malo mwa thupi, monga timachitira munthu akasowa. Ndinakumba nawo manda amenewo. Ndinadya nawo pamaliro, ndinawonjezeranso. Cholembera ndiye ndinachithawa mpaka imvi.

Chitseko ndinachibwezera pamalo pake, koma masiku atatu ndinkapita kutchire. Akazi anga anaona.

"Bambo, chimbudzi munakumba nokha. Muli njoka kodi?"

Ndinawauza zonse, kuyambira pa mango paja. Iwo ndi a ku Tsangano, tinakumana kothawa nkhondo, za kumudzi kwathu sankazidziwa. Anapitiriza kupala mbatata, kenako anati, "Ndiye munthu munamupereka, n'kumuikanso kuti azikuonererani m'mawa uliwonse mutanjuta?"

"Sindinkadziwa kuti ndi dzina."

"Pano mukudziwa. Ali ndi mbale wotsala?"

Analipo mmodzi, mlongo wake, wokhala njira ya ku Chidzolomondo. Nyumba yawo inapsa nthawi ya nkhondo, analibe kanthu kalikonse ka mchimwene wake, ngakhale batani. Zaka zonsezi ndinkamupatsa moni kutchalitchi ngati munthu wabwino. Ndinkaopa kuti ndikamuuza, moni umenewo udzatha, ndipo mudzi wonse udzadziwa chimene chala changa chinachita.

Chitsekocho ndinachikwecha ndi phulusa ndi sopo, mosamala pakona paja. Ndinachimanga panjinga ndi kuyamba kukankha. Wa njinga yamoto wina anachepetsa liwiro.

"Madala, mukusamutsa chimbudzi? Dzenje likubwera pambuyo?"

"Likubwera. Dikira pomwepo."

Mayiwo ndinawapeza pakhonde akusoka fodya. Tinalonjerana, anandipatsa mpando. Ndinaimika chitsulocho pakhoma. Iwo sawerenga, choncho ndinaika chala pakona ndi kutchula dzinalo chilembo chimodzichimodzi, ngati mmene profesora anatiphunzitsira. Anasiya singano.

"Analemba yekha?"

"Ndi dzanja lake. Makwerero ndinagwira ndine."

Anasisita tizilemboto ndi chala chakuda ndi fodya. Ndinadziwa kuti ndikameza malovu kamodzi kokha, ndibwerera nayo nkhani yanga. Ndinati, "Mayi, tsiku lija pa mango, amene anamuloza ndine."

"Ndinalipo, achimwene. Ndinali kuseri kwa nkhokwe. Chala ndinachiona."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikuuzeni chiyani? Inu simunkadziwa?"

Ndinasowa poyang'ana, ndinayang'ana nkhuku. Iwo anaweramira chitsulocho, ananunkhiza, anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Chimakhala kuti chimenechi?"

Zoona, chachikulu chija chinatuluka mosavuta kuposa ichi. Ndinaganiza zonena kuti pakhola la nkhunda.

"Pachimbudzi."

"Chanu?"

"Changa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Pakamwa pawo panagwedezeka, koma anapagwira. "Iyeyo akanaseka mpaka kugwa pamakwerero," anatero. "Ine sindiseka."

Ndinafunsa ngati tikachiike kumanda. Anakana. Anati kumandako kuli nthochi, inaola kalekale, uyu alowe m'nyumba. Anandipatsa mwala ndi misomali iwiri yopindika, ndinachikhoma pakhoma moyang'anana ndi mphasa yawo. Anandiuza kuti chapendekeka, ndinazula, ndinakhomanso. Za kukhululuka sanatchule, inenso sindinapemphe. Ndikumasula njinga anandiitana.

"Tawerenganinso musanapite."

Ndinawerenga. Anati Loweruka ndidzabwere, ndidzawerengenso, chifukwa adzukulu awo amawerenga mothamanga ngati akuthawa galu.

Loweruka lililonse ndimapita. Samandiphikira, amandipatsa madzi basi. Kutchalitchi moni amandiyankha monga kale, osawonjezera, osachepetsa.

Pachimbudzi panga pano pali chiguduli cha thumba la feteleza. Mphepo ikawomba chimakwera m'mwamba, ndipo akazi anga amati kulapa kwanga kukuonetsa iwo kumsewu. Ndinabwereranso ku mseu wakale kukafufuza m'makona mwa makoma onse. Dzina lija lili pakantina, pansi pa botolo. Lili pa nyumba ya chimanga. Lilinso pansi penipeni pa mawu oletsa kukodza aja, pamene tinta inadyeka kwambiri, ndipo ndikudziwa amene anathandiza kuidya.