Lichero la a Rozaria

Cha kwa Nazombe, kumunsi kwa phiri, achikulire akamakumbutsana zakale salephera kutchula a Rozaria ndi lichero lawo. Anali mayi wamfupi, wolongolola ngati wailesi yoiwalidwa kuzimitsa. Ukakumana nawo pamjigo unkadziwiratu kuti ndiwo zipserera kunyumba. N'chifukwa chake anthu anaseka atamva kuti asankhidwa kukhala wapampando wa komiti yoteteza nkhalango ya kukasupe. "Chinsinsi chingagone m'kamwa umo?" Koma mantha a Napolo, amene anakokolola midzi mu 1991, anali akadali m'mitima, ndipo pankafunika munthu wosaopa mwamuna wonyamula nkhwangwa.

Vuto linali loti panalibe wofuna kuneneza mnzake. Matipate anali atangofika kumene, ndipo dzina loti kazitape linkanunkhabe. M'mudzi ngati uja, ukaoneka ukutuluka kwa wapampando m'mawa, pofika masana nkhani yako ili pabawo. Ndiye a Rozaria anapeza njira yawoyawo. Ankathira nandolo wamuwisi m'lichero n'kumayenda khomo ndi khomo: apa kusenda pang'ono, apo kupempha madzi akumwa, kwina kudandaula za msana, mpaka mudzi wonse atauponda. Wokhala ndi mawu ankangowagwetsera m'lichero momwemo. Mlandu ukamadzaitanidwa, aliyense anali atacheza nawo, ndiye ukanaloza ndani? Azibambo akawaona ankagwedezana: "Lichero latuluka, wina lero sagona."

Tsiku lina anafika pakhomo pa Edina, mayi wofatsa amene mng'ono wake anapita ndi madzi a Napolo. Edina anasenda nandolo nthawi yaitali osadzutsa mutu.

"Amayi," anatero potsiriza, "bambo a kuno agwetsa mikuyu ya pamwamba pa kasupe. Uvuni wa makala ukufuka panopa. Koma akadziwa kuti ndine, ndatha. Dzanja lawo mukulidziwa."

"Nandolo wa chaka chino ngwa mphutsi bwanji!" anakuwa a Rozaria kuti apakhomo lina amve. Kenako anapitiriza ulendo wawo mpaka khomo lomaliza.

Mwamuna wa Edina, a Makina, anali munthu wa pakamwa, wokonda misonkhano ya chipani. Atawaitana ku komiti, anabwera atavala jekete.

"Ino ndi demokalase," anatero. "Zonenezana mumdima zinatha. Wandiona ineyo aime apa timuone!"

Ambiri anavomereza, ndipo sitingawanene, poti ena mwa iwo abale awo anatengedwa kale chifukwa cha manong'onong'o. Edina anali atakhala pakati pa amayi, maso ali pansi.

"Achimwene," anayankha a Rozaria, "kazitape ankakumangitsani popanda woona mlandu. Ine sindikuti mukhulupirire munthu. Ndikuti tiyeni kuphiri, uvuniwo ukalankhule wokha."

Anakwera onse, ndipo anapezadi utsi ukufuka, zitsa zikadali zaziwisi. A Makina analamulidwa kubzala mitengo pamalopo ndi kuithirira chilimwe chonse. Koma manyazi a mwamuna sathera pomwepo. A Makina anazungulira anzawo mpaka komiti inagwirizana kuti wapampando atchule dzina, apo ayi atule udindo. A Rozaria ankaukonda mpando uja, tisanamizane. Ankanyadira akamaitanidwa kumaphunziro ku boma, n'kubwerako ndi chitenje chojambulidwa mitengo. Koma dzina sanalitchule. Anatula udindo, ananyamula lichero lawo n'kubwerera kwawo, ndipo zinawawawa kwambiri.

Zaka zinapita. Mafoni a m'manja atafika, wapampando watsopano anati zoyenda ndi lichero n'zachikale, wokhala ndi nkhani angoimba. Koma iye yemweyo akakhuta mowa ankaonetsa anzake nambala ya amene waimba. Munthu mmodzi atathyoledwa mano, foni ija inasiya kulira, ndipo nkhwangwa zinayamba kumveka ngakhale dzuwa lili pamutu. Apo mpamene anthu analisowa lichero lija, ngakhale amene ankaliseka.

A Rozaria atadwala matenda awo omaliza, Edina ankabwera tsiku lililonse kudzawasambitsa. Anthu ankangoti ndi mtima wabwino. Masana ena a Makina, imvi zili mbuu, anatsagana naye. Anakhala pampando pafupi ndi khomo, chipewa chili pabondo.

"Mayi, zakale zinapita," anatero. "Mitengo ndinabzala ija pano ndi mthunzi. Ndiuzeni tsopano, anandineneza ndani? Ndangotsala pang'ono kudana ndi mudzi wonse."

Edina anali atagwira kapu ya madzi, ndipo madziwo anayamba kutayikira pamphasa. A Rozaria anaona. Mtima wawo unadzaza chisoni ndi chikondi pa mwana wa eni ake uyu, amene ankaopabe mpaka lero.

"Ine ndinayenda makomo onse tsiku lija, achimwene," anatero mwapang'onopang'ono. "Chimene ndikukumbuka n'choti nandolo anali wa mphutsi."

A Makina anapukusa mutu n'kuvala chipewa. "Mayi uyu ngwouma mutu, dzinalo adzapita nalo kumanda."

Atatuluka, a Rozaria anagwira dzanja la Edina n'kulifinya.

"Wamva, mwananga? Ndipita nalo. Tandimwetsa madziwo asanathere pansi."