Mayi Amene Anabwera Kudzasambitsa Bambo Anga

Bambo anga anagwa pakhonde la nyumba yanga ku Mzimba Boma, m'mawa wina wa nyengo yozizira, akuvala nsapato. Ndinamva ndowa ikugubuduka, ndipo potuluka ndinawapeza atagonera chammbali, pakamwa patakhota, akundiyang'ana ngati munthu amene walakwitsa kanthu. Iwo anali a ku Ntcheu. Anabwera kumpoto kuno ali mnyamata kudzacheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Chikangawa, ndipo atapuma pantchito sanafunenso kubwerera kwawo. Ankati kumudzi kwatsala anthu amene sakuwadziwa. Amayi anga anali atamwalira, choncho anadzakhala ndi ine ndi ana anga aakazi awiri.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu ankatuluka ngati a munthu amene wavumata madzi. Tsiku lotitulutsa, namwino anandionetsa mmene ndingawatembenuzire pabedi kuti asachite zilonda, mmene ndingawamwetsere phala kuti asatsamwe, ndi mmene ndingawongolere zala zimene zinayamba kufumbata zokha. Ndinamvetsera bwino, ndipo zonsezo ndikanatha.

Chimene sindikanatha ndi kuwasambitsa ndi kuwasintha akadziyipitsira. Mwana wamkazi saona thupi la bambo ake. Tsiku loyamba kunyumba ndinalimba mtima, ndinalowa ndi beseni la madzi ofunda nkhope nditayang'ana kumbali. Bambo anagwira bulangeti ndi dzanja lawo lamoyo lija, analikoka mpaka pachibwano, ndipo misozi inatsikira m'makutu. Ndinatuluka ndi beseni langa madzi asanazizire n'komwe.

Mchimwene wanga ali ku Joni, ndipo mapepala ake sanali bwino. Akanabwera sakanabwereranso. Ankaimba foni, ankatumiza matewera a akuluakulu kudzera kwa anyamata onyamula katundu, koma tewera silidziveka lokha. Ndinapempha mlonda wa pasitolo pamene ndimasokera zovala pakhonde, bambo wachikulire waulemu wake, kuti akaweruka m'mawa azidzera kwathu. Anavomera, ndipo ankagwira ntchitoyo mokoma mtima. Koma munthu wodwala chonchi safuna kusinthidwa kamodzi patsiku. Madoda a kutchalitchi ankabwera Loweruka. Masiku ena onsewo bambo ankagona mmenemo kuyambira masana mpaka kukacha, ine ndikuyendayenda pakhomo, fungo ndikulimva, kulowa osalowa. Makina osokera ndinawavundikira nsalu. Mlonda uja tsiku lina anandiuza monong'ona kuti pantchafu payamba kachilonda.

Ndiye masana ena panaima kabaza pakhomo. Panatsika mayi wachikulire, wamfupi, wowonda, atamanga duku lobiriwira. Kumbuyo kwa njinga kunali kathumba ka ufa, mphasa yopinda ndi nkhuku yomanga miyendo. Analipira wakabaza, anasasa fumbi pachitenje, n'kuodira.

“Monile, mwana wane,” anatero m'Chitumbuka, kenako anatembenukira ku Chichewa cholemera lilime. “Ine ndine mkazi wa bambo ako. Woyamba uja.”

Ndinkadziwa kuti alipo. Bambo asanakumane ndi amayi anga anakwatira mkazi wa kumudzi wina kuseri kwa Champhira, anapereka ng'ombe za lobola, anakhala naye kunkhalango zaka zingapo, kenako anamusiya. M'nyumba mwathu sankatchulidwa. Amayi akakwiya ankangoti “uja wa ku Champhira”. Ine ndinali nditakula, nditabereka, ndisanamuonepo. Nkhani ya matendayo mayiyo anaimvera kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene amakapikula tomato ku Jenda.

Ndinawapatsa mpando koma sanakhale. Anafunsa kuti odwala ali kuti. Atalowa kuchipinda anagwada pafupi ndi bedi, anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuwalonjera m'Chitumbuka kuti, “Mwatandala uli, adada?” Bambo anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuza nkhope n'kuloza kukhoma.

“Mbwenu khalani choncho,” anatero mayiwo. “Ndiyambira kumsana.”

Anandituma madzi ofunda, sopo ndi kansalu. Nditabweretsa anatseka chitseko. Ndinakhala pakhonde ndikumva madzi akuchucha m'beseni, iwo akuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi ya Chitumbuka. Patapita nthawi anatsegula, atanyamula zofunda zonse m'manja, n'kufunsa kumene timachapira. Nditasuzumira ndinaona bambo atatsamira pilo, atavala malaya oyera, ndevu zitametedwa, mawindo atatsegulidwa. Anali asanadye n'komwe mayiwo chichokereni kwawo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti amama, monga amachitira ana a kuno, ndipo iwo ankanditchula kuti iwe, ngati mwana wobereka okha. Anayala mphasa yawo pansi m'chipinda cha bambo. M'masiku ochepa nyumba yanga inasintha kayendedwe. Bedi analisunthira pawindo kuti bambo aziona msewu. Anatenga mpando wanga wathabwa, anapita nawo kwa kalipentala wa kuseri kwa msika, anauboola pakati n'kuikapo zotsamira manja, pansi pake n'kumaikapo ndowa. Mlonda uja anamuuza kuti kusambitsa asiye, koma azibwerabe m'mawa kudzathandiza kunyamulira bambo padzuwa. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzapemphera, amama ankapemphera nawo, akatha n'kuwapatsa zidebe kuti akatunge madzi asanapite. Palibe amene ankakana.

Ine anandithamangitsa. “Pita ukasoke,” anatero. “Ukakhala pano tonse tidya chiyani? Madzulo uzidzawamwetsa tiyi. Imeneyo ndiye ntchito yako.”

Tsiku lopita kuchipatala kukawongola ziwalo anapita nawo. Anapempha dokotala wa mafupa kuti awaonetse pa mkono wawo womwe, kuti amve okha pamene payenera kukanikizidwa. Pobwerera anagula chimanga chouma chapachitsononkho. M'mawa uliwonse ankaika chimodzi m'dzanja lakufa lija, n'kulifumbatitsa ndi dzanja lawo, n'kumatong'ola limodzi, njere imodziimodzi ikugwera m'lichero. Bambo ankatopa, ankakwiya, tsiku lina anakankha lichero chimanga n'kumwazika. Amama sanawanyengerere. Anatola njere zonse, anabwezera chitsononkho m'dzanja, n'kunena kuti, “Mitengo ikuluikulu munkagwetsa. Ichi ndiye chikulepheretseni?”

Kachilonda kaja kanapola. Ine ndinkabwera madzulo ndikuyang'ana mayi ameneyu ngati ndikuona chinthu chimene sindinauzidwepo kuti chimachitika padziko. Anali wochepa thupi kuposa mwana wanga wamkulu, koma ankalowetsa phewa kukhwapa kwa bambo, n'kuwerenga m'Chitumbuka, munthu n'kudzuka. Matewera akatha ankang'amba zitenje zakale. Sindinawamvepo akuusa moyo potulutsa ndowa.

Tsiku lina Loweruka tikuchapa mabulangeti pamjigo, ndinalephera kupirira. Ndinafunsa kuti, “Amama, bambo anakusiyani. Mwabwereranji?”

Anafinya bulangeti kaye, mbali ina nditagwira ine.

“Ndinakwiya chomene,” anatero. “Usaganize kuti sindinakwiye. Zaka zambiri ndikamva lole ya matabwa ikudutsa pamsewu ndinkalavula pansi. Koma ng'ombe zawo abale anga sanabweze, zinaswana m'khola la kwathu. Ukwati sunathe, anangochoka munthu.”

Tinayanika bulangetilo pa udzu. Ndinkaganiza kuti amaliza, koma anapitiriza akuyang'ana m'beseni.

“Tinali ndi mwana mmodzi, wamwamuna. Anadwala chikuku tili kunkhalango. Bambo ako anamubereka kumsana ngati mkazi, anayenda wapansi m'chisanu chija kukafuna galimoto kumsewu waukulu. Mwana anafera kumsana kwawo. Ine ndinagwa, sindinkadzuka, sindinkadya. Mwezi wathunthu ankandiphikira phala, ankanditengera madzi kubafa, anzawo akuwaseka. Zimene anachita pambuyo pake anachita. Koma zimenezonso anachita.”

Za mwana ameneyu sindinamvepo. Ndinaima pamenepo manja ali thovu, ndikuganiza za mchimwene amene ndinali naye osadziwa, ndi za bambo anga ali mnyamata atabereka mwana kumsana pakati pa mitengo ya paini.

Mawu a bambo anabwerera pang'onopang'ono, ndipo oyamba kumveka bwino ndinawamva ndi makutu anga. Amama anali atawamwetsa phala n'kuwapukuta pakamwa. Bambo anameza, analimbana ndi lilime, n'kunena kuti, “Yewo,” kutanthauza kuti zikomo. Chibadwire changa sindinawamvepo akulankhula Chitumbuka m'nyumba. Amayi anga anali a ku Dedza, ndipo kwathu kunali Chichewa chokhachokha. Amama anangotembenukira kwa ine n'kuti, “Wamva? Pakamwa patseguka,” n'kupita kukatsuka mbale. Pambuyo pake masana ambiri ndinkawapeza awiriwo pakhonde akucheza m'Chitumbuka, bambo akukoka mawu limodzilimodzi, amama akuwadikira osawamalizira. Ankakumbutsana anthu a kunkhalango, amene anamwalira ndi amene alipo. Nthawi zina bambo ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ana anga ankakhala pansi n'kumamvetsera agogo awo ngati alendo.

Kutayamba kutentha, mitambo ikusonkhana cha ku Viphya, amama anandiitana kuseri kwa nyumba.

“Mvula yayandikira. Munda wanga sulima wokha. Ndikufuna ndipite nawo kwathu bambo ako.”

Ndinakana. Ndinati kumudzi chipatala chili kutali, ndiponso anthu adzati ndataya bambo anga. Mchimwene wanga pafoni anakana koposa ine. Anati bwanji abale a mayiwo akakawabwezera zakale. Amama anamvetsera zonsezo, kenako anati, “Mwafunsana nokhanokha. Eni ake ali pakhondepo, makutu sanafe.”

Ndinakagwada pafupi ndi mpando wawo. “Bambo, amama akuti mupite nawo ku Champhira. Mukufuna?”

Anandigwira pamutu ndi dzanja lamoyo. “Ndipite,” anatero. “Iwe usoke.”

Ndinapeza kagalimoto ka pikapu, tinayala matiresi kumbuyo, mpando woboola uja tinaumangirira pambali. Namwino anatilembera mankhwala a kuthamanga kwa magazi n'kutiuza kuti ena tizikatengera kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kumeneko. Njira yonse ndinali ndi mantha, makamaka titasiya tala n'kulowa m'kamsewu kafumbi.

Titafika ndinapeza kuti amama anali atatumiza kale uthenga. Ana a alongo awo anali atakumba masitepe a pakhonde n'kuthirapo dothi kuti pakhale potsetsereka. Kuchokera pakhomo mpaka kuchimbudzi anazika mitengo ya bulugamu mizere iwiri, yopala bwino, yofika m'chiuno, kuti munthu aziyenda atagwira. Pabwalo panali anthu ambiri. Kutsogolo kunaima mkulu wina wa imvi, mlongo wawo wa amama, amene kale analandira nawo ng'ombe zija ndiponso analandira mlongo wake atabwerera yekha. Anayandikira galimoto, anasuzumira, anavula chipewa.

“Mlamu,” anatero, “mwachedwa kubwera. Tiyeni.”

Iye mwini anagwira kumapewa, anyamata anagwira kumiyendo. Ine ndinaima pafupi ndi tayala ndikulira, ndipo mayi wina amene sindinkamudziwa anandikokera kumthunzi n'kundipatsa thobwa.

Ndinkapita kumeneko mwezi ukatha. Ntchito tinagawana: amama kusambitsa ndi kudyetsa, mkazi wa mlongo wawo kuphika akakhala kumunda, anyamata kunyamula, ine mankhwala ndi sopo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ankadzera kudzawayeza magazi. Ulendo wina, chimanga chitayamba kumasula, ndinafika n'kupeza mpando uli wopanda munthu. Ndinayang'ana kuseri, ndipo ndinaona bambo ataima okha pakati pa mitengo ya bulugamu ija, akukoka mwendo, thukuta lili kamukamu. Amama anali chapatali akusenda maungu, osawayang'ana n'komwe. Anandikodola kuti ndikhale chete. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka bambo anafika kumapeto, anapuma, n'kutembenuka.

Anakhala kumeneko mpaka anadya zokolola ziwiri. Anamwalira masana, atakhala pakhonde, amama atangopita kudimba kukathyola ndiwo. Abale ochepa amene anabwera kuchokera ku Ntcheu ankafuna kunyamula maliro. Amama sanatsutse, anangoti afunse ana. Mchimwene wanga anali atafika, atalolera zoti mwina sadzabwereranso ku Joni. Anayenda pabwalo ponse, anaona pamene bambo ankagona, anacheza ndi mkulu wa imvi uja, kenako anakagwada pamaso pa amama amene anali asanawaonepo. Anawauza a ku Ntcheu kuti bambo agona konkuno.

Nditakhala masiku a maliro, amama anandiperekeza mpaka kumsewu, atandisenzera kathumba ka nyemba. Anandifunsa za mayeso a mwana wanga wamkulu, n'kundiuza kuti patchuthi ndiwatumize onse awiri adzathandize kufukula mtedza. Minibasi itaima anandikweza katundu. Sanadikire kuti inyamuke, chifukwa anali ataona mbuzi zikulowa m'dimba la mnzawo, ndipo anabwerera chothamanga akuzikuwira.