Mpikisano wa Makamera m'Balani

Tsiku limene Martina anabwezeredwa felemu pamsika wa Mitundu, ngakhale ogulitsa tomato anasiya makasitomala n'kubwera kudzaonerera. Felemuyo inali yaikulu, yagalasi, ndipo amene anaisenza kuchokera pa siteji anali Lilian, mtsikana wa ku Nathenje amene chinkhoswe chake chinali chitangochitika. Anaitula pamaso pa Martina n'kumufunsa modekha, kudekha koopsa kuja, kuti mkazi amene wakoleka mkono mwamuna wake pachithunzipo ndi ndani.

Martina anayang'anitsitsa. Pachithunzipo panali mdima, maso anayi ndi mizere iwiri ya mano. Anayankha molimba mtima kuti ndi iyeyo Lilian.

"Ameneyo ndi msuweni wanga Jenipher," anatero Lilian. "Ine ndine chakuda chili kumbuyochi."

Inu mukudziwa mmene chinkhoswe chimayendera. Atsikana angapo amalowa atafunditsidwa zitenje kuyambira kumutu, ndipo akuchimuna amavundukula mmodzimmodzi kufunafuna wawo. Pakhadi analemba kuti mwambo uyamba masana, koma ankhoswe anafika dzuwa litapendeka, magetsi n'kuthimanso. Jenipher atavundukulidwa, mnyamata wa Lilian uja anamukoleka mkono mwanthabwala kuti anthu aseke, ndipo Martina anajambula ndi kamera yakale yobwereka. Pa zithunzi zonse za tsikulo, chooneka bwinoko chinali chimenecho. Ndiye mwana wa eni ake anachikulitsa, n'kuchiika m'felemu, n'kukapereka akumwetulira.

Kuyambira tsiku limenelo dzina loti Martina linatha. Akabaza ankamuitana kuti Mayi Mdima. Akadutsa pachigayo amayi ankafunsana mokweza ngati aliyense akumudziwa bwino mwamuna wake. Zinamuwawa kwambiri, ndipo analira, tisabise.

Martina anali mwana wa matenanti. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, ndipo anakulira m'manja mwa malume ake a Dickson. Mayeso a Fomu 4 anamukana. Kujambula ndi chinthu chokhacho chimene ankachikonda, chokhachonso chimene anthu anayamba kumupatsira ulemu.

A Dickson sanakalipe. Anangoti pa esiteti ina ya ku Malingunde pakufunika anthu osankha fodya, ndipo ubwino wa fodya ndi woti ukamusokoneza ndi msuweni wake sabwera kumsika kudzakuyalutsa. Anagwirizana kuti fodya akamayamba kuthyoledwa dzina lake lisanayere, alongedza chikwama.

Apa ndi pamene ambiri timagwera mphwayi. Martina sanatero. Anati ngati wamugwetsa ndi mdima, aphunzira mdimawo. Madzulo aliwonse dzuwa likamalowa ankapita kukhola la malume ake ndi kamera yakale ija n'kumajambula mbuzi. Anasankhanso yakuda, yosakhazikika, imene inkangolumpha ikaona munthu. Anthu odutsa ankapukusa mitu, amvekere zafika pojambula mbuzi tsopano. Koma iye anaphunzira kumeneko kuti kuwala kotsala kumalowera pakhomo, kuti nkhope iyenera kuyang'ana komweko, ndi kuti chinthu choyenda umachidikira pomwe chikupita, suchithamangitsa. Vuto linali limodzi: ntchito panalibe. Kwa miyezi palibe anamuitana, ngakhale kukajambula chithunzi cha khadi ya kusukulu.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, kunabwera munthu amene sankamuyembekezera. Anali Jenipher, msuweni uja. Naye anali atapeza womufunsira, ndipo anati akufuna Martina, chifukwa chibadwire palibe wina anamuikapo m'felemu. Koma anaonjezera mawu awiri olemera. Oyamba, fulashi isawale, pakuti ankhoswe a kuchikazi anali atangochitidwa opaleshoni ya maso. Achiwiri, wapampando wa komiti yokonza chinkhoswecho anali Lilian, ndipo anali atalumbira kale kuti Mayi Mdima sapondapo.

Martina anadziwa kuti kamera yakale ija singathe. Pankafunika imodzi mwa zamakono zija zimene ojambula amati miralesi, zopepuka, zopanda kagalasi kogubuduka m'kati, zimene amati zimaona ngakhale kutada. M'dera lonselo zinalipo ziwiri zobwereketsa, za makampani osiyana. Ina inali ya a Noah a situdiyo ya pa Mitundu, ina ya a Patson a ku Nathenje. Anthu awiriwa ankakonda makampani awowo ngati matimu a mpira, ndipo akakumana paukwati ankapatsana moni ndi chibwano.

A Noah anamuuza kuti yawo imajambula munthu m'chitsime. A Patson anati yawo inajambulapo mphaka wakuda ali pansi pa bedi, maso atatsinzina. Martina anali atakula tsopano pa nkhani yokhulupirira pakamwa pa munthu. Anawapempha mwaulemu kuti onse abwere ndi makamera awo ku balani ina yopanda fodya kufupi ndi kwa malume ake, nyumba yaitali yowotcheramo fodya, yopanda zenera, imene m'kati mumakhala mdima ngakhale masana. Aliyense anavomera pofuna kukachititsa mnzake manyazi. Lilian naye anabwera, ati kudzaona ndi maso ake.

Atatseka chitseko n'kusiya kampata, abambo awiri aja anayamba okha mpikisano. Anayedzamitsa khasu kukhoma, aliyense n'kulijambula atagwira mpweya. Pa timasikirini ta kuseri kwa makamera, makasu onse anaoneka okongola zedi, ndipo aliyense analengeza kuti wapambana.

"Pepani abambo," anatero Martina, "koma khasu silivina."

Anatulutsa zitenje ziwiri zofanana n'kupempha Jenipher ndi Lilian kuti afunde, alowe akuvina, kenako adzivundukule. Lilian anachita tsinya, koma nyimbo italira pafoni chiuno chinamupereka. Martina anajambula ndi kamera ya a Noah, kenako ya a Patson, ataima malo amodzi, kuwala kwake komweko. Ya a Noah inkayamba yaganiza kaye isanagwire nkhope. Ya a Patson inkangoti diso yaligwira, kabokosi kobiriwira n'kumalitsatira kulikonse kumene lapita.

Sanalole kuti aweruzire pa timasikirini tija, poti pamenepo ndi pamene panamunamiza ulendo woyamba. Gulu lonse linayenda mpaka ku nyumba yoonetsera mpira pa Mitundu, n'kupempha mwini wake kuti abwereke TV yaikulu. Anthu amene ankadikira mpira anakhala oweruza osaitanidwa.

Zithunzi za a Noah zitatuluka, amayi anaombera m'manja. Zinali zoyera, zosalala, popanda kadontho. Kamerayo ikaona timadontho timene mdima umabweretsa, inkatipukuta yokha, ndipo popukutapo inkapita ndi ziphuphu, makwinya ndi zipsera zomwe. Za a Patson zitatuluka, anthu anang'ung'udza. Nkhope zinali zakuthwa, tsitsi lililonse palokha, koma chithunzi chonse chinali ndi timadontho ngati mchenga.

A Noah anafunsa ngati kamera ya anzawoyo anaisunga m'thumba la gaga. A Patson anabwezera kuti anthu a pa zithunzi za a Noah akufanana ndi zidole zovekedwa zovala m'sitolo. Mwini TV anachita kuima pakati pawo.

Jenipher anali atasankha kale. Anati akufuna yosalalayo, pakuti pa tsiku lake iye sangaoneke ndi mchenga kumaso. Kutsutsa kasitomala yekhayo amene uli naye si masewera. Komabe Martina anabwezeretsa chithunzi cha a Noah pa TV n'kupempha Jenipher kuti adziloze.

Jenipher anapita kutsogolo monyadira, n'kuika chala pa nkhope ya kumanja, n'kunena kuti taonani mmene ndawalira.

"Ameneyo ndine," anatero Lilian. "Ndolo zimenezo n'zanga."

Nyumba yonse inafa ndi phwete. Ngakhale a Noah anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Pa chithunzi cha a Patson panalibe wofunsa: kachipsera ka pachibwano cha Lilian kanali poyera, ndipo mpata wa m'mano a Jenipher unkaoneka ngakhale munthu ataima kukhomo. Martina anasankha ya a Patson. Jenipher anavomera monyinyirika, ndipo Lilian anangoti tikaonera komweko.

Tsiku la chinkhoswe, m'holo ya sukulu ina ku Nathenje, zonse zimene Martina ankaziopa zinabwera pamodzi ngati zinapangana. Ankhoswe a kuchimuna anachedwa chifukwa tambala woti akapereke anathawa m'galimoto pa Diamphwe, ndipo anachita kumuthamangitsa atavala masuti. Pamene amafika n'kuti kumwamba kutada bii. Chimvula chinayamba, magetsi anathima, ndipo jenereta inatsokomola n'kugona. Wina kumbuyo ananena mokweza kuti Mayi Mdima wabwera ndi katundu wake.

Martina anayang'ana m'holomo. Anaona a Dickson atakhala pakona, chipewa chili pabondo, osamuyang'ana. Kenako anapita kwa amayi otsogolera atsikana ofunditsidwa aja kukawapempha kuti asawaimike kutsogolo kwa tebulo, koma pafupi ndi khomo, kumene kuwala kotsala kunkalowera. Amayiwo anadandaula kuti mwambo suyenda choncho. Amene anawadula pakamwa anali Lilian. Anati amumvere Martina, kuti akalephera asadzanamizire malo.

Woyamba anavundukulidwa, si Jenipher. Wachiwiri, si iye. Martina anagwada pasimenti yonyowa, osathamangitsa aliyense, atalozetsa kamera pamene nkhope yachitatu ikatulukire. Chitenje chitakwera, kabokosi kobiriwira kanagwira diso la Jenipher, nthungululu zinaphulika, ndipo Martina anadina batani.

Felemu anakaipereka yekha kwa makolo a Jenipher. Achibale anasonkhana pakhonde. Lilian anaitenga, n'kupita nayo pabwalo pomwe panali dzuwa, n'kuiyang'ana nthawi yaitali kuyambira pakona mpaka pakona.

Mchenga unalipo ndithu, wosabisika. Koma pakati panali Jenipher weniweni, akuseka ndi mpata wake uja. Pambali panali mnyamata wake atatsegula pakamwa, ankhoswe ndi magalasi awo akuda, ndi a Dickson amene anali ataimirira osadziwa, chipewa chili m'mwamba. Kumbuyo kwenikweni, kumene mdima unali wochuluka, kunali mkazi wina atagwira pachifuwa, misozi ikuyenderera mpaka pa kachipsera ka pachibwano.

"Ndinakuuza ndani kuti undijambule ndikulira?" anafunsa Lilian.

Martina anapepesa. Lilian anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, ngakhale panalibe fumbi. Kenako, osamuyang'ana, anati mchemwali wa mwamuna wake ali ndi ukwati mwezi wamawa, ndipo tchalitchi chake ndi chakale, cha mazenera ang'onoang'ono, m'kati simuoneka bwino.

"Ubwere, Martina," anatero.

Inali nthawi yoyamba kumva dzina lake pakamwa pa munthu wa ku Nathenje chichitikireni zija. Anangogwada pang'ono n'kuomba m'manja. Fodya atayamba kuthyoledwa, a Dickson anakwera njinga okha kupita ku Malingunde kukauza a kapitawo kuti malo aja apatse wina.

Lero Martina ali ndi kamera yakeyake, ndipo Loweruka lake limakhala lodzaza kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje. A Noah ndi a Patson akukanganabe, aliyense akuti anamuphunzitsa ndi iye.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso munalakwitsa poyera, anthu n'kukusekani mpaka kukupatsani dzina. Zimawawa, ndipo palibe chifukwa chonamizira kuti sizikuwawa. Koma musathawe pamalo pamene munagwera. Bwererani pomwepo, muphunzire chimene chinakugwetsani, muyese zinthu ndi maso anu m'malo momvera odzichemerera, ndipo mwayi wachiwiri ukabwera ukupezeni mwakonzeka. Osataya mtima, abale anga, dzina loipa limatha.