Chitsime Chopanda Mwini

Kuno ku Gobi munthu akhoza kukumana fodya, akhoza kukumana ngakhale chishalo cha hatchi yake, koma madzi ayi. A Yondon anakulira m'mwambo umenewo, ndipo ndi mwambo womwewo umene unawadya. Anali mkulu wamfupi, wamatewe chifukwa chokhalitsa pamsana pa ngamila, wosakonda zolankhulalankhula. Ukawafunsa za mvula ankayamba ayang'ana ziweto zawo ngati kuti ndizo ziyankhe. Ankakhala ndi akazi awo, a Tsevel, m'hema wa ubweya m'chigwa china chamiyala, ana onse atathawira kutauni. Chuma chawo chinali ngamila, timbuzi, ndi chitsime chimene bambo awo anakumba ndi manja n'kuchiwaka ndi miyala.

Ndati chuma chawo, koma eni akewo akanamva akanakwiya. Chitsime sichikhala cha munthu kuno. Wokumba amangokhala wokumba, basi. Ukamwetsa ziweto zako umatunganso n'kudzaza chomwera, kuti wodza pambuyo pako apeze poyambira, kaya ndi mnansi, kaya ndi mlendo, kaya ndi abulu akutchire. A Yondon sanachokepo pachitsime chomwera chili chouma, ngakhale tsiku limene msana unawagwira moti ankakoka chingwe atagwada. Ankati kupatsa n'kuika.

Chilimwe china panafika galimoto ya anyamata ofufuza miyala, nkhope zili mbuu ndi fumbi. A Tsevel anawaphikira tiyi wamkaka wothira mchere monga achitira ndi mlendo aliyense. Atamwa, anyamatawo anafunsa kumene kumapezeka madzi m'chigwamo. Apa ndiye anawakanda a Yondon pamene pankayabwa! Anakwera nawo galimoto n'kuzungulira nawo tsiku lonse. Anawaonetsa pamene pamamera udzu wokonda chinyontho, pamene ngamila zimapalasa pansi, pamene chisanu chimayambira kusungunuka. Anabwerera kunyumba ali nyadu, chifukwa kwa nthawi yaitali panalibe amene anawafunsapo kanthu.

Mnansi wawo, a Renchin, amene anakulira nawo limodzi ndipo pakamwa pawo sipankapuma, atamva nkhaniyi anaseka mpaka kutsamwa ndi fodya.

"Mwawaonetsa madzi onse? Nanga bwanji simunawaonetsenso pamene alamu amabisa shuga?"

"Waludzu sabisidwa madzi," anatero a Yondon.

"Waludzu uti, mkulu iwe? Anthu aja mabotolo anali tho m'galimoto. Ludzu lawo si la pakhosi."

Chisanu chisanagwe kunabwera Sarnai, mtsikana woona za chilengedwe wochokera pa boma. A Yondon ankamudziwa kuyambira ali wakhanda, mayi ake atamumangirira m'dengu pamsana pa ngamila. Mtsikanayo anakhala pansi n'kufotokoza bwinobwino. Anati malo odyetsera ziweto ndi a boma, madzi ndi a boma, za pansi pa nthaka nazonso ndi za boma, ndipo boma lapatsa kampani ina chilolezo chokumba malasha kuseri kwa phiri ndi chopopa madzi otsukira malashawo. Koma lamulo lomwelo, anatero, limateteza chitsime cholembetsedwa m'dzina la banja. Pafupi ndi chitsime chotero sakumbapo mjigo, ndipo chikaphwa kampani imakakamizidwa kupereka madzi ena. Chofunika chinali chimodzi chokha, kuti a Yondon anene kuti chitsime ndi chawo.

"Si cha munthu," anatero.

"Agogo, ndikudziwa. Tangonenani ndi pakamwa pokha kuti ndi chanu. Mumtima musunge zanu."

"Ine ndiime pano ndinene kuti madzi ndi anga? Bambo anga anakumba, sanalenge. Lemba kuti n'cha aliyense."

Sarnai anati lamulo silidziwa munthu wotchedwa aliyense. Anachonderera mpaka tiyi anazizira m'mbale, koma nkhalamba ija inali itauma gwa. A Tsevel sananene kanthu pamaso pa mlendo, koma mmene ankagwetsera zivundikiro za mapoto, wina aliyense akanamva. A Renchin, tsiku lomwelo, analembetsa chitsime cha kwawo osaphethira n'komwe. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Nkhani imeneyi imapsetsa mtima, ndipo munthu sudziwa woti umukwiyire. Mkuluyo sanali chitsiru. Ananena zimene aliyense woleredwa bwino kuno akananena. Koma lamulo linapangidwa ndi anthu ozolowera mipanda, ndipo limamva munthu yekhayo amene wafuula kuti changa.

Chaka chotsatira mijigo inamera m'malo omwe aja a Yondon analoza ndi chala chawo. Inazunguliridwa ndi waya, mapaipi akuluakulu analowera kuseri kwa phiri, ndipo injini zinkalira osapuma. Malole a malasha anadula chigwa pakati. Fumbi lakuda linkagwa paudzu, mbuzi zikaphedwa mapapo ankapezeka akuda ngati m'kati mwa chumuni. Kenaka chingwe cha pachitsime chinayamba kufupika. A Yondon analumikiza ndi zingwe za pakamwa pa hatchi. Chitafupikanso anamasula chingwe cha ubweya wa ngamila chimene a Tsevel analuka chomangira hema. Madzi anasanduka matope, matopewo n'kuyamba kuwawa mchere. A Yondon ankathirabe mkaka wansembe pamiyala ya chitsime n'kumangapo kansalu kabuluu kopepesera mizimu, eni nthaka, koma tsiku lina ndowa inatsika n'kumveka kuti gu, ngati yagwera pabwalo.

A Yondon anavala mkanjo wawo wabwino n'kupita kumsonkhano pa boma. Munthu wa kampani anali waulemu ndithu, anawapatsa mpando wakutsogolo. Anafotokoza kuti mijigo yawo imakoka madzi akuya kwambiri, amchere, osakhudzana ndi zitsime za abusa a ziweto, ndiponso kuti mvula yakhala ikuvuta zaka zimenezi. Mwina zina mwa izo zinali zoona, ndani akudziwa za pansi pa nthaka? Msonkhano utatha, a Yondon anamupeza Sarnai pakhonde n'kumuuza kuti akufuna kudandaula. Mtsikanayo anayang'ana pansi. Anati dandaulo limafuna mwini chinthu, ndipo chitsime chawo chinalowa m'chilolezo cha kampani ngati chopanda mwini.

"Ndi changa," anatero a Yondon. Mawuwo anatuluka ngati chifuwa, ndipo anachita nawo manyazi kuposa mmene akanachitira atagwidwa akuba nkhosa.

"Agogo, nthawi yake inapita."

Madzi akatayika saoleka. Chitsime cha a Renchin nacho chinaphwa, koma iwo kampani inawaikira thanki, ndipo galimoto inkabwera kudzathiramo madzi oyezera ziweto za a Renchin zokha. Pampopi pake panali loko. A Renchin, tisawanamizire, anatsekula lokoyo n'kuuza mnzawo kuti azimwetsa pomwepo. Koma madzi oyezera khola limodzi sangakwanire makola awiri. Pakati pa sabata thanki inkalira ngati ng'oma, ngamila za mabanja onse awiri zili balalabalala kufunafuna chinyontho. Nthabwala za a Renchin zinatha. Ankati akakumana ankangopatsana fodya, aliyense n'kuyang'ana kwake. A Yondon anaona kuti akupha ziweto za mnzawo, ndipo anasiya okha kupitako.

Mbuzi anagulitsa kwa ogula nyama. Ngamila anagulitsa kwa munthu wina wa kumpoto, kutali, kumene kudakali mitsinje. M'gulumo munali ngamila yaikazi yokalamba, yofiirira, imene mkaka wake unalera ana awo onse. Poikweza m'lole inalira, misozi ili chuchuchu, ndipo a Tsevel analowa m'hema osatulukanso mpaka lole itazimiririka. Mtima wa a Yondon unasweka tsiku limenelo, ngakhale sanauze munthu.

Panatsala ntchito imodzi. Chitsime chakufa sachisiya kukamwa kuli yasa, chifukwa chiweto chaludzu chimanunkhiza chinyezi n'kugweramo. Choncho a Yondon anagumula okha miyala imene bambo awo anawaka, n'kumaiponya m'dzenjemo umodziumodzi, mpaka pamalopo panangotsala kachulu. Chomwera cha thabwa anachisiya pomwepo, popeza kutauni chikanagwira ntchito yanji?

M'mawa wa tsiku losamuka, hema atamuphwasula kale, mitengo yake ndi mbaula zili pamwamba pa lole yopita kumphepete kwa tauni kumene mwana wawo anawapezera kamalo, a Tsevel analoza kumpoto. Kunkabwera chinthu pang'onopang'ono, chikutsimphina. Inali ngamila yofiirira ija. Kachingwe koduka kankalendewera pamphuno, linunda ili litagwera uku, linalo uko, mapazi atang'ambika ndi miyala. Paja amati madzi saiwala khwawa. Sinayang'ane anthu kapena lole. Inapita molunjika pachomwera, n'kutsitsa khosi, n'kupeza fumbi.

A Yondon anakwera palole n'kutsitsa chigubu cha madzi a paulendo. Woyendetsa lole anayamba kudandaula kuti njira ndi yaitali, koma ataona nkhope ya mkuluyo anatseka pakamwa. A Yondon anakhuthulira madzi onse m'chomwera. Thabwa louma lija linamwa gawo lake, ena anathawira m'ming'alu, otsalawo ngamila inawamaliza ndi mpweya umodzi. Kenaka inadzutsa mutu n'kuwayang'ana a Yondon, madzi akudontha kumilomo, kudikira ndowa yachiwiri monga inkachitira moyo wake wonse.

Mkuluyo anangoti chilili, chigubu chopanda kanthu chili m'manja. A Tsevel, amene anasunga mawu awo kuyambira tsiku lija la Sarnai, analankhula ali pakhomo pa lole, osakweza mawu.

"Iuzeni, bambo. Iuzeni kuti si cha munthu."

Woyendetsa analiza injini. Ngamila inatsitsanso khosi n'kuyamba kunyambita thabwa.