Ndili Bwino, Kaya Inu

Mwala umene unagwetsa bambo anga pakati pa munda ku Nkaya, iwo n'kumagubuduzika ngati alumidwa ndi njoka, unali wochepa kuposa njere ya nandolo. Anauchotsa mu impso yawo kuchipatala china chamumzinda, osang'amba pamimba iyayi, koma ndi kachipangizo kokhala ndi kamera kolowera njira ya mkodzo. Ababa anakhumudwa zedi. Munthu kulira mudzi wonse n'kumva, kenako n'kubwerako wopanda chipsera choonetsa anzako kumzikiti! Kamwalako anakabisa m'botolo, ndipo wofunsa aliyense ankamuuza kuti mwala weniweniwo unatsala kuchipatala chifukwa cha kukula.

Kachipangizoko kanali pa kafukufuku. Madokotala ankafuna kudziwa ngati odwala amachira bwino nako kuposa ong'ambidwa. Choncho mayi wina wa kafukufukuyo ankaimba foni sabata iliyonse, n'kuyamba mmene amayambira munthu aliyense woleredwa bwino.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, kaya inu? Kunyumba adzuka?"

Mayiyo ankachonga pafomu kuti wodwala ali bwino. Ababa ankadula foni, n'kugwira m'chiuno, n'kukwawira kuchimbudzi. Ine ndinkakhala pa boma la Machinga, ndipo nanenso ndinkadyetsedwa "ndili bwino" yemweyo. Papepala ababa ankachira mochititsa kaso.

Nditapita kukawaona ndinawapeza thupi latentha, mkodzo uli ndi magazi. Ndinachita mantha, kenako ndinapsa mtima. M'thumba la mkanjo wawo munali kapepala konena kuti anawasiyira kachubu m'kati, koyenera kukachotsedwa, ndipo tsiku lake linali litadutsa kalekale. Kakanakhalitsa, impsoyo ikanawonongeka.

"Ababa, bwanji osawauza?"

"Iwe, munthu akukupatsa moni, iwe n'kumuyankha za mkodzo? Munthu wamkazinso! Unaleredwa kuti?"

Foni inalira masana omwewo. Ndinaitsomphola.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndine mwana wawo wamkazi. Sali bwino. Chibwerereni kumeneko sanakhalepo bwino."

Ndinamva mapepala akutembenuzidwa. "Mayi, ku Balaka ndi ku Machinga ndili ndi odwala ambiri ndithu," anatero. "Onse amandiuza kuti ali bwino." Ine amene ndinakonzeka kumukalipira ndinangomumvera chisoni.

Kachubuko anakachotsa, impso inapulumukira mkamwa mwa mbuzi. Koma chimene sindiiwala ndi ulendo wathu wokachotsa kachubuko m'mawa mwake. Tili m'minibasi, ababa akuluma mano pa dzenje lililonse la mumsewu, mayi uja anaimbanso. Ndinawaikira foni pakhutu.

"Bambo, lero moni ayi. Pakupweteka ndi pati?"

Ababa anayang'ana anthu amene anatipanikiza pampando, anandiyang'ana ine, misozi ili lengelenge. Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akudandaula kwa mlendo.

"Paliponse, mwanangu," anatero chapansipansi.