Akavalo a Zitsulo ndi Mabulangete Anga

Amuna anga amadziwa kuti mwendo wa mwana wathu unapuwala ndi malungo. Za mabulangete sindinawauzepo.

Tinkakhala ku Embakasi mumzinda wa Nairobi, iwo akuphunzira mbiri yakale ku yunivesite, ine satifiketi yanga ya usekilitale ikugona m'sutikesi. Pa chakudya nkhani yawo inali imodzimodzi: asilikali a ku Perisiya amene ankavala malaya a mamba achitsulo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kavalo nayenso n'kumuveka chimodzimodzi. Muvi sunkalowa. Koma akuti dzuwa likakwera munthu ankapsa m'katimo, ndipo akagwa sankatha kudzuka.

"Nanga osavula bwanji?" ndinafunsa.

"Mantha, amake mwana. Wamantha savula."

Ndinaseka nawo.

Ine ndine wa ku Nsanje, kotentha, ndipo chisanu cha Nairobi cha mu Julaye chinkandiopsa. Mwana atatentha thupi, bambo ake ali ku laibulale, ndinamuveka majuzi awiri ogula ku Eastleigh, chipewa, masokosi, pamwamba mabulangete. Kwathu amati wamalungo mfunditseni atuluke thukuta.

Minibasi imene tinakwera popita kuchipatala inatsekerezedwa mumsewu masana, mawindo ali otseka. Mayi wina wachikenya amene anakhala pambali panga anagwira tsaya la mwanayo. "Mama, mfungue," anatero, kundiuza kuti ndimuvundukule. Ndinakankha dzanja lake. Mwana wanga agwidwe ndi munthu wosamudziwa? Bulangete ndinalikokera mpaka m'maso.

Tisanafike m'tauni mwana anauma gwa, maso atatembenuka, thovu kukamwa. Kuchipatala namwino anadula majuziwo ndi sizasi, ali onyowa ngati ochapa. Sanandikalipire, anangondiyang'ana. Ndinafunsa adokotala ngati kufunditsako kunawonjezera vuto. Anati sangadziwe. Majuziwo ndinawataya m'bini bambo ake asanafike.

Mwana anakhala moyo, koma mwendo wamanzere amaukoka. Bambo ake mpaka lero amati, "Ndikanakhala pakhomo tsiku lija." Amadziimba mlandu, ine n'kungowathirira tiyi.

Mwanayo atakulako, bambo ake anamupangira kavalo wa makatoni, n'kumumata zitsekerero za mabotolo thupi lonse. Tsiku lina mwanayo anamugwetsa pasimenti nandifunsa, "Amayi, akagwa amamudzutsa ndani?" Ndinathawira kubafa.

Ndikawauza amuna anga, katundu amene asenza zaka zonsezi atula, koma sindidziwa ngati adzandiyang'anenso monga kale. Ndiye ndakhala chete. Inu amene mukuwerenganu, ndinachita bwino?