Madzi a Kapinga wa Ababa

Ababa anabwereratu kuchokera ku Joni zipani zambiri zitangoyamba, ine ndili kale namwali wamkulu. Anapita ndisanayambe sukulu. Poyamba anali kumigodi, koma chifuwa chitayamba kuwavuta anatulukamo, n'kukapeza ntchito yosamalira maluwa panyumba ya mzungu wina, ndipo ntchito imeneyo ndi imene anakhalitsa nayo. Kumudzi ankabwera patalipatali, n'kukhala mwezi umodzi wokha. Ndinkawadziwa ngati mlendo wobwera ndi nsapato zothina, chifukwa ankagula akuganizira mapazi amene anawasiya.

Atafika pakhomo pathu, kumtunda kwa Kandeu, sanayambe ndi khola kapena denga. Anayamba ndi kudzala kapinga pabwalo. Amayi zinawanyansa. Kwathu bwalo la mayi wakhama limasesedwa mpaka kuti mbee, ndipo pakamera udzu anthu amati pakhomopo palowa ulesi.

"Inu, mukufuna anzanga azindinena kuti tsache landikanika? Nanga njoka?"

"Si udzu wamba uwu, mayi. Ingodikirani muone."

Nthawi ya dzinja kapinga uja anayanga bwino, moti odutsa ankachepetsa liwiro la njinga kuti aoneko. Koma chilimwe chikafika ankapsa n'kukhala ngati mphasa yakale. Ababa ankatenga makheni awiri n'kumakatunga madzi kukasupe wa m'phiri, kumtunda kwa nyumba, m'mawa ndi madzulo. Akatopa ankakhala pakhonde n'kumatiuza za masipilinkala a ku Joni.

"Kumeneko umangopotokola kachitsulo. Timitu timatumphuka pansi, n'kumazungulira tokha, madzi ali waa ngati mvula yamawawa. Ukatseka timabisalanso."

Ife tinkaseka. Tinkayesa ndi nkhani za anthu obwera kutali, amene amawonjezera mchere podziwa kuti palibe wowatsutsa.

Zaka zinapita, ine n'kuyamba uphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale chakufupi ndi Champiti. Tchuthi china cha mu Ogasiti nditabwera kumudzi, ndinawapeza ababa atakhala pamwala m'njira yakukasupe, kheni imodzi itagubuduka, akupuma mokoka ngati mvukuto. Atandiona anayamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale. Ndinatola makheni aja n'kukatunganso madziwo ndekha, koma mumtima ndinali nditaganiza kale chochita.

Masiku amenewo alimi a kachewere kwathuko anali atayamba kukoka madzi a m'mapiri ndi mapaipi akuda, osafuna injini, madzi akutsetsereka okha. Ndinapita ku boma n'kukapeza pulambala wina amene ankawaikira alimiwo. Anali bambo wamfupi, wadazi, wosachedwa kuseka. Anabwera pa matola Lolemba lotsatira, mapaipi atawakulunga ngati nkhata zazikulu, ndi thanki yapulasitiki pamwamba pa katundu. Atayendera bwalo anavula chipewa n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, ndaikira anthu a kabichi, a tomato, a kachewere. A udzu ndinu oyamba. Kodi udzuwu mudzadya?"

Ababa ndi amene anayankha: "Ayi, achimwene. Tidzakhalapo."

Kasupeyo sanali wathu tokha. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi, anali ndi dimba chakumunsi, ndipo atamva nkhaniyi anabwera mpango uli m'manja.

"Alamu, madzi omwe tikulimbirana ndi ndiwo, inu mukufuna kumwetsa udzu?"

Ababa sanakweze mawu. Anagwirizana kuti thanki izidzadza ndi madzi osefukira okha, kuti kapinga azithiriridwa kawiri pa sabata, ndiponso kuti pambali pa njira paikidwe mpopi woti aliyense azitungapo osakweranso phiri. Atamva za mpopiwo, amayi aang'ono anamanga mpango wawo kumutu n'kufunsa ngati pali tiyi.

Ntchito inayamba mawa lake. Apa m'pamene ndinawaona ababa ali pantchito yawo yeniyeni, imene anadyera zaka zonse zija kutali ndi ife. Anakhoma zikhomo, n'kumanga chingwe, n'kuwaza phulusa m'mizere modutsa mapaipi. Pulambala ankafuna kuika mitu itatu ya masipilinkala motalikirana, koma ababa anakana. Anati ikhale inayi, ndipo madzi a mutu umodzi azifika patsinde pa unzake, apo ayi pakati padzatsala zigamba zouma. Anakangana pang'ono, kenako pulambala anakweza manja.

"Madala, apa mphunzitsi ndinu. Ine ndingomata guluu."

Asanakumbe, ababa ankadula kapinga ndi fosholo m'zidutswa zofanana, n'kuzinyamula ndi manja awiri kukaziika pamthunzi wa pichesi, n'kuziwaza madzi. Ine ndinkabwera pambuyo ndi khasu kukumba ngalande. Pulambala ankakhala kuphiri nthawi yambiri, kukonza pokhala thanki, choncho pabwalo tinkatsala awiriwiri. Chibadwire ndinali ndisanakhalepo nawo nthawi yaitali chotero popanda munthu wina pakati pathu. Ankanditchula kuti "inu," monga amachitira makolo ambiri kwathu ana akakula, koma kwa ine "inu" wawoyo ankamveka ngati wa munthu woopa kundizolowera.

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, anakhala m'mphepete mwa ngalande n'kuyamba kulankhula akuyang'ana dothi.

"Bwana wanga uja anali ndi kamtsikana. Loweruka ndikatsegula madzi kankatuluka m'nyumba kakuthamanga, n'kumadumpha m'madzimo kakukuwa. Kanali ka msinkhu wako."

Ndinaimika khasu. Aka kanali koyamba kuwamva akuti "wako."

"Mano ake akutsogolo atagweluka, ndinati basi, kumudzinso wanga uja agweluka. Katayamba kuwerenga ndinati nayenso wayamba. Ndinkakuyezera pa iyeyo. Tsiku lina kanagwa panjinga, ndinakanyamula ine kukapereka kwa mayi ake. Tsiku lonse ndinkangoganiza kuti iwe ukagwa amakunyamula ndani."

Ndinali ndi mkwiyo umene sindinkadziwa kuti ndinausunga. Ndinakumbuka tsiku limene ndinapsa mwendo ndi phala, amayi ali kumunda, ndipo ndinalira mpaka kugona ndekha pakhonde.

"Nanga bwanji simunkabwera, ababa?"

Anatola dothi n'kumalifikisa ndi zala.

"Ndinkati chaka chamawa."

Sanawonjezere, inenso sindinafunsenso. Anadzuka n'kutenga fosholo, ine khasu, tinapitiriza mzere uja mpaka pakona ya khonde.

Lachisanu mapaipi anali atalumikizidwa. Timitu tobisala pansi tija sitinapezeke, choncho pulambala anabweretsa mitu yoima pa timapaipi tofika m'bondo. Ababa anaitembenuza m'manja, nkhope itagwa pang'ono, kenako anati, "Nayonso imazungulira. Ikani." Anthu anamva kuti lero ndi lero, ndipo anabwera ambiri, ena ataima kumpanda, ena atakhala pachulu. Pulambala anatsegula. Tinamva mpweya ukufwenthera m'mapaipi, kenako madzi anatuluka, koma ankangochucha m'mbali mwa timapaipi tija ngati mamina. Palibe mutu ndi umodzi womwe umene unazungulira.

Kumpanda wina anaseka, enanso n'kutsatira. Ababa anaima manja ali kumbuyo, osatembenuka. Amayi, omwe sabata yonse ankangodutsa osayang'anako, ndi amene anatuluka m'khitchini n'kuwauza anthuwo kuti amene wabwera kudzaseka akaseke kwawo.

Pulambala anakwera phiri n'kubwerako akupukusa mutu. Anati cholakwa n'chake: thanki anaiika pafupi kwambiri, madzi analibe mphamvu. Inafunika kukwera mpaka pathanthwe la pansi pa kasupe penipeni. Mawa lake amuna anayi a m'mudzi, ena mwa iwo omwe anaseka aja, anaikhuthula n'kuikweza ndi zingwe, ndipo pulambala anawonjezera mapaipi. Zinatenga tsiku lonse.

Tinayesanso Lamulungu titabwera kutchalitchi, anthu ali ochepa. Ulendo uno ababa anatsegula okha. Mutu woyamba unanjenjemera, n'kulavula dothi, kenako unayamba kuzungulira: tche, tche, tche. Wachiwiri unatsatira, mpaka yonse inayi. Madzi anakwera kupitirira msinkhu wa munthu n'kumagwa mopepuka, ndipo fungo la dothi lonyowa linadzadza bwalo pakati pa chilimwe. Nkhuku zinabalalika. Amayi anathamangira kukaanula ufa umene anayanika pamkeka, akukalipa uku akuseka.

Ababa anandiyang'ana, madzi akuwadonthera pachipewa.

"Lowa."

"Ndilowe kuti?"

"M'madzimo. Thamangamo."

Ndinali nditavala chitenje chatsopano ndi bulauzi yakutchalitchi. Pulambala anali pomwepo, amayi aang'ono analiponso, ndipo ine ndinali mphunzitsi, mayi wa ana awiri.

"Ababa, ine ndakula. Anthu aziti chiyani?"

Anaseka pang'ono n'kugwedeza mutu. "Zoonadi, mwakula," anatero, n'kukakhala pampando wawo pakhonde. Anakhala pamenepo akuyang'ana madziwo mpaka nthawi yotseka itakwana.

Ndinaganiza kuti mpata udzapezeka tsiku lina, popanda anthu. Koma sukulu inatsegulidwa, ndipo ndikabwera kumudzi ndinkapeza si tsiku lothirira, kapena kuli maliro, kapena ndi dzinja. Iwonso sanadzandiuzenso. Kapinga anakhala wobiriwira zilimwe zitatu. Adzukulu awo ankasewerapo, amayi a bungwe la kutchalitchi ankachitirapo misonkhano, ndipo ababa ankamweta ndi chikwakwa atagwada, pang'onopang'ono, kupuma kukawalola. Chilimwe chachinayi chisanafike chifuwa chija chinawatenga.

Patatha chaka mchimwene wanga, amene anatsala pakhomopo, anandifunsa ngati angazule mapaipi aja kuti akathirire kachewere. Anafunsa mwaulemu, maso ali pansi, ndipo ndinkadziwa kuti ali ndi ana ofuna kudya. Ndinavomera. Anati asiyeko mzere umodzi, ine ndinati atenge yonse, chifukwa theka la bwalo lobiriwira likanandipweteka koposa. Kachewereyo amabereka bwino, ndipo chaka chilichonse amanditumizira thumba.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mafunso amene ndinatsala nawo. Sindidziwa kuti chipinda chimene ankagona ku Joni chinali chotani, kaya chinali ndi zenera. Sindidziwa kuti Lamulungu ankapita kuti, ankalankhula Chichewa ndi ndani, akadwala ankawaphikira phala ndani. Ndinali nawo masiku anayi athunthu m'ngalande zija, khasu lili m'manja, iwo ali pafupi moti ndinkamva kupuma kwawo. Ndinafunsa funso limodzi lokha, ndipo linali lowaimba mlandu.